Kukalankhula za Django pa msonkhano wa kunyanja kuti omvera akaiyese akafika kwawo

Miyezi yotentha ikafika, mahotela a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, kuyambira cha ku Nkopola mpaka kulowera ku Monkey Bay, amadzaza ndi misonkhano. Owerengera ndalama, madokotala, maloya, a zamakompyuta, onse amatsikira kuno. Ife olemba mapulogalamu amene timakhala konkuno nthawi zambiri timangoona magalimoto akudutsa, chonsecho anthu amene ali m'magalimotomo ndi omwe amagamula kuti ofesi yawo idzagwiritsa ntchito pulogalamu yanji chaka chamawa. Malangizo awa ndalembera mnzanga aliyense amene ali ndi framework ya open source yomwe amaikhulupirira, ndipo akufuna kuimirira pamaso pa anthu amenewa kuti nawonso aidziwe. Zitsanzo nditenga pa Django chifukwa ndi imene ndimadyera, koma wogwiritsa ntchito framework ina ngati Laravel kapena Ruby on Rails angosintha mayina.

Framework ndi chimango chomwe ena anaimika kale kuti womanga webusayiti asayambire pa maziko. Polowera ndi dzina ndi mawu achinsinsi, kulumikizana ndi database, mafomu, chitetezo, zonsezo zimakhala zilipo, iwe umangomanga zipupa za nyumba imene mwini ntchito akufuna. Tikati open source ndiye kuti khodi yake ili poyera, aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kugwirira nayo ntchito osalipira laisensi. Django, yomwe ndi framework yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Python, inabadwira ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, m'manja mwa Adrian Holovaty ndi Simon Willison, ndipo inatulutsidwa poyera mu 2005. Ilibe amalonda oyenda m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre kukaitsatsa. Ikafika pamalo ndiye kuti pali munthu amene anaionetsa kwa anzake. Node.js, pulogalamu ina ya open source yomwe lero ili paliponse, anthu anayamba kuidziwa Ryan Dahl ataionetsa pa msonkhano wa JSConf EU ku Berlin mu 2009. Rails inafalikira ndi kanema wa mu 2005 momwe David Heinemeier Hansson anamanga webusayiti yolembapo nkhani mu mphindi 15 zokha. Onse awiriwa anakopa anthu powaonetsa chinthu chikugwira ntchito m'maso muli gwa, ndipo malangizo onse otsatirawa atsamira pamenepo.

Choyamba, dziwani amene adzakhale pa mipando

Misonkhano ya kuno si yofanana. Wina umasonkhanitsa olemba khodi ndi ophunzira ochokera ku MUBAS, MUST, UNIMA kapena Mzuni. Wina, monga ya pachaka ya mabungwe a akatswiri ngati ICTAM (bungwe la a zamakompyuta m'Malawi), mumakhala akuluakulu a nthambi za ICT m'mabanki, m'maunduna ndi m'mabungwe omwe si aboma, ndipo ena mwa iwo anasiya kalekale kulemba khodi. Pemphani ndondomeko ya chaka chatha kwa okonza msonkhano, muone mitu imene inakambidwa ndi maudindo a amene analankhula. Mukapeza munthu amene anakhalapo, mufunseni kuti anthu anatchera khutu pa nkhani iti ndipo anatulukira panja pa nkhani iti.

Wolemba khodi amafuna kuona momwe ntchito yomutengera sabata yathunthu ingathere tsiku limodzi. Bwana amafuna kumva za ndalama, za chitetezo, ndi za munthu woti adzamuimbire foni zinthu zikadzavuta. Onse awiri simungawakhutitse mofanana mu theka la ola. Holo ikakhala yosakanikirana, ine ndimalankhula kwa bwana, koma ndimaonetsabe khodi yokwanira kuti wachinyamata wokhala kumbuyo aone kuti sindikusimba nthano. Iyeyo ndi amene Lolemba lotsatira adzafunsidwe ku ofesi kuti, "Zija amanena kunyanja zija, ungathe?"

Chachiwiri, mutu wa nkhani ukhale vuto lomwe anthu akulidziwa

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Chifukwa choikonda framework yathu, timafuna kuyamba ndi mbiri yake, kenako maubwino ake khumi, kenako mayina a makampani akuluakulu akunja omwe amaigwiritsa ntchito. N'zoona kuti Instagram inamangidwa pa Django, koma munthu wa ku khonsolo ya boma kapena wa ku sukulu ya sekondale sakumanga Instagram. Akamva zimenezo amangoti n'za eni ake akunjawo, n'kutsegula foni.

Tengani vuto limodzi la pakhomo. Ine ndimakonda la banki mkhonde, chifukwa m'holo iliyonse simungalephere kukhala anthu amene mayi awo, akazi awo kapena iwo eni ali m'gulu lotere. Masheya ndi ngongole zimalembedwa m'kope, ndipo kopelo likanyowa, likatayika, kapena mlembi akasamuka, mkangano umabuka pa nthawi yogawana. Wina angasankhe kaundula wa komiti ya pa doko yolemba ndowa za usipa zimene mabwato abwera nazo, kapena kaundula wa fizi pa sukulu. Chofunika n'chakuti mukangotchula vutolo, mitu igwedezeke musanatchule n'komwe dzina la framework. Mutu wa nkhani yanu ukhale ngati uwu: "Kope la banki mkhonde pa foni, mu mphindi 20". Dzina la Django libwere pa mzere wachiwiri.

Vutolo musalipeke muli pa desiki. Pemphani kwa wapampando wa gulu lina kuti mukakhale nawo tsiku lokumana, muone momwe amalembera. Mudzapeza kuti pali zambiri zomwe simukanaziganiza: chiwongoladzanja amawerengera pamwezi, pali thumba lapadera la zadzidzidzi monga maliro ndi matenda, wochedwa amalipa chindapusa, ndipo wina amabweza ngongole pang'onopang'ono osati pakamodzi. Mawu amenewa ndi amene muyenera kuika pa sikirini. Munthu akaona mawu oti "chindapusa" pa fomu ya pa kompyuta amadziwa kuti wolembayo anafikadi pansi pa mtengo pomwe gulu limakumana.

Muli ndi umboni wa kuno kwathu womwe mungautchule. Bungwe la Baobab Health Trust linamanga pulogalamu yosunga mbiri za odwala omwe amalandira mankhwala otalikitsa moyo pogwiritsa ntchito Ruby on Rails, ndipo inagwira ntchito pa makompyuta okhudza ndi chala m'zipatala za m'dziko muno. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero zake mu pulogalamu ya DHIS2, yomwenso ndi ya open source. Zitsanzo ziwirizi zimatseka pakamwa munthu woganiza kuti zaulere n'zoseweretsa ana asukulu.

Chachitatu, tumizani pempho lanu msanga

Okonza misonkhano amalengeza nthawi yolandira mitu kudakali miyezi ingapo. Musadikire tsiku lotseka. Lembani ndime imodzi yonena vuto, chimene mudzaonetse, ndi chimene womvera adzachoke nacho m'manja. Nenani poyera kuti mudzamanga pulogalamu anthu akuona ndipo simudzafuna intaneti ya pa hotela, chifukwa mawu amenewo amakhazika mtima pansi wokonza ndondomeko. Za inu nokha lembani mizere iwiri kapena itatu: mumagwira ntchito yanji, munamangapo chiyani. Nenaninso kuti simukugulitsa kanthu. Pa misonkhano yambiri makampani amalipira kuti apatsidwe mpata wotsatsa malonda, ndiye okonza amafuna kutsimikiza kuti simukulowera pawindo.

Mukakanidwa mpata waukulu, pemphani wa mphindi zisanu. Funsaninso mosachita manyazi ngati wolankhula amalipira ndalama yolowera. Ife a konkuno tili ndi mwayi woti sitifuna chipinda chogona, tikhoza kukwera minibasi m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo zimenezo n'zoyenera kuzitchula m'pempholo.

Chachinayi, mangani chionetsero chomwe sichidalira intaneti

Pamenepa ndikhalitsapo, chifukwa nkhani yonse imaima kapena kugwa pa mphindi zimenezi.

Gawani ntchito m'magawo anayi. Gawo loyamba ndi kuyambitsa polojekiti ndi django-admin startproject, kenako python manage.py startapp, kenako runserver, kuti anthu aone tsamba loyamba likutseguka. Gawo lachiwiri ndi kulemba ma model (khodi yofotokoza zimene database idzasunga) atatu okha: Membala, Sheya ndi Ngongole, n'kuyendetsa makemigrations ndi migrate. Gawo lachitatu ndi limene limadabwitsa anthu: mukalembetsa ma model aja mu admin.py n'kupanga createsuperuser, mwadzidzidzi pali masamba athunthu olowetsera, kusintha ndi kufufuza mamembala, chonsecho mwalemba mizere yochepa kwambiri. Gawo lachinayi ndi tsamba limodzi loonetsa kuti membala aliyense ali ndi masheya angati ndipo watsala ndi ngongole yochuluka bwanji. Musapitirire apo. Za API (njira yoti mapulogalamu ena alankhulane ndi yanu), za kulumikiza ku Mpamba kapena Airtel Money, za kuika pa seva yeniyeni, zisiyireni tsiku lina.

Pa ndalama gwiritsani ntchito DecimalField, osati FloatField, ndipo nenani chifukwa chake mokweza: FloatField imasunga manambala mongoyandikira, ndiye pakapita nthawi matambala amasokonekera, ndipo mu banki mkhonde tambala yosoweka ndi mlandu. Mu settings.py ikani TIME_ZONE kukhala Africa/Blantyre. Tinthu tating'ono ngati timeneti timaonetsa kuti mwaganizira za kuno.

Pomaliza gawo lililonse sungani ntchito mu git, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi, n'kuikapo tag, chizindikiro cha pamene mwafika. Pa tsikulo manja amanjenjemera, mukhoza kuphonya kachilembo kamodzi n'kutha mphindi zisanu mukukafunafuna. Zikatero musalimbane nazo, uzani anthu kuti mwaphonya penapake, lumphirani ku tag yotsatira ndi git checkout, nkhani ipitirire.

Tsopano za intaneti. Holo ikadzaza ndi anthu, aliyense ndi foni ndi laputopu, intaneti ya pamalopo imayenda ngati kamba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chilichonse chimene chionetsero chanu chikufuna chikhale kale pa laputopu. Muli kunyumba yendetsani pip download django -d phukusi kuti mukokere Django mu foda yotchedwa phukusi, ndipo pa tsikulo mudzaika ndi pip install --no-index --find-links phukusi django. Django 5.2 imafuna Python 3.10 kapena yoposera apo, choncho yang'anani kaye imene muli nayo. Ngati mwakokera pa Linux koma mukufuna kugawira anthu a Windows, kokeraninso tzdata (ya nthawi za madera osiyanasiyana) padera, chifukwa pa Windows Django imaifuna. Database ya SQLite imabwera kale ndi Python, ndiye pa chionetsero musadzivute ndi PostgreSQL. Samalaninso ndi CSS, mafayilo okongoletsa tsamba: ngati tsamba lanu limatenga Bootstrap kapena zilembo zokongola kuchokera pa intaneti, netiweki ikadula lidzaoneka lamaliseche. Koperani mafayilowo mu polojekiti. Mukamaliza zonse, zimitsani Wi-Fi ya laputopu, muyese kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kenako konzani zoti omvera agwire chinthucho ndi manja awo. Yatsani hotspot ya foni yanu kapena karauta kakang'ono, ngakhale mulibe bandulo, lumikizani laputopu, yendetsani python manage.py runserver 0.0.0.0:8000, ndipo adiresi ya laputopuyo muiike mu ALLOWED_HOSTS, apo ayi Django idzakana alendowo. Onetsetsani kuti firewall sikutchinga. Hotspot ya foni imalola zipangizo zochepa, choncho itanani anthu atatu kapena anayi okha, mmodzi akhale wamkulu wokhala kutsogolo. Muwapatse dzina ndi mawu achinsinsi omwe munakonzeratu, alowetse sheya pa foni yawo, ndipo holo yonse ione nambala ikusintha pa sikirini. Musaiwale kunena kuti runserver ndi yoyesera chabe, pa ntchito yeniyeni pamafunika seva yokonzedwa bwino.

Mayina onse a m'chionetsero akhale opeka. Musakopere kope lenileni la gulu limene munakacheza nalo, ngakhale atakulolezani. Mangochi ndi yaing'ono, ndipo ngongole ya munthu sionetsedwa pa khoma.

Pomaliza, jambulani kanema wa chionetsero chonse chikuyenda bwino, komanso zithunzi za gawo lililonse mu PDF. Ikani pa fulashi ziwiri ndi pa foni.

Chachisanu, masilaidi ndi chilankhulo

Masilaidi akhale ochepa, asanu ndi atatu akwana. Zilembo za khodi zikulitseni mpaka muone ngati mwanyanya, ndiye kuti zafika poti wakumbuyo awerenga. Maholo ambiri a kunyanja ali ndi mawindo aakulu ndipo misonkhano ina imachitikira m'tenti, choncho zilembo zakuda pa tsamba loyera zimaoneka bwino kuposa sikirini yakuda imene timakonda tikamalemba usiku.

Ndondomeko ikakhala ya Chingerezi, mawu a ntchito asiyeni m'Chingerezi, koma pofotokoza vuto ndi poyankha mafunso musaope kutembenukira ku Chichewa. Anthu amamasuka, ndipo amene akanakhala chete amakweza dzanja. Ngati Chiyao mumachidziwa, moni wa Chiyao kwa eni dera amene ali m'holomo ndi ulemu woyenera.

Yesererani katatu ndi wotchi. Mu mphindi 30, zitatu zipite ku vuto, 15 ku chionetsero, zinayi ku zimene framework singachite, zotsalazo ku mafunso. Ulendo umodzi muyeserere pamaso pa munthu wosalemba khodi, kaya ndi mlongo wanu kapena mphunzitsi wa pafupi, ndipo pamene wayamba kuyang'ana kumbali ndi pamene muyenera kudula.

Chachisanu ndi chimodzi, tsiku lenilenilo

Fikani m'mawa holo isanadzaze, mupeze mnyamata kapena mtsikana woyang'anira zokuzira mawu ndi pulojekita, mumupatse moni bwinobwino ndi kudziwa dzina lake. Lumikizani laputopu nthawi yomweyo. Nyamulani adaputa ya HDMI ndi ya VGA, chingwe chowonjezera magetsi, chaja, ndi laputopu yodzaza moto. Zimitsani mauthenga otulukira pa sikirini, kuti uthenga wa kunyumba usawerengedwe ndi anthu mazana. Ngati kutayipa kukufuna manja onse awiri, pemphani maikolofoni ya pa kolala kapena choimikira.

Mukapatsidwa mwayi wosankha nthawi, tengani ya m'mawa. Anthu akadya nsima ya chambo masana, kunja kukutentha ngati mwa Okutobala, tulo timawapeza mosavuta. Lachisanu masana abale athu achisilamu amapita ku mzikiti, ndipo kuno ndi ambiri, choncho nthawi imeneyo ipeweni. Tsiku lomaliza masana ambiri amakhala atayamba kale ulendo wa ku Liwonde.

Pa msonkhano wina magetsi anazima ndili pakati pa gawo lachitatu, ndipo jenereta inatenga kanthawi kuti ilire. Pulojekita inafa, koma laputopu ndi hotspot zinali ndi moto. Ndinapempha amene analumikiza mafoni kuti apitirize kulowetsa masheya, ndipo anthu anaunjikana mozungulira mafoni atatuwo. Bambo wina wachikulire anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti ichi chikuyenda popanda intaneti ndi magetsi omwe?" Ndinayankha kuti, "Inde bwana, malinga laputopu ili ndi moto." Funso limenelo linafotokoza nkhani yanga bwino kuposa masilaidi onse, ndipo zinatheka chifukwa cha kukonzekera kosadalira intaneti kuja.

Chachisanu ndi chiwiri, mafunso ovuta

Amabwera omwewomwewo, ndiye akonzekereni.

"Chinthu chaulere chingakhale chabwino?" Yankhani kuti chaulere ndi laisensi, osati thukuta. Wolemba pulogalamu adzalipidwa, seva idzalipidwa, dzina la webusayiti lidzalipidwa chaka ndi chaka. Chimene ofesi ikupulumutsa ndi ndalama zakunja zolipira laisensi, zomwe tonse tikudziwa kuvuta kwake kuzipeza masiku ano. Laisensi ya Django ndi ya BSD, imalola kugwiritsa ntchito pa malonda, bola musachotse chidziwitso cha eni ake ndi mawu a laisensiyo.

"Chikawonongeka tidzaimbira ndani?" Ili ndi funso lolemera kuposa onse, ndipo musalizembe. Django ilibe nambala ya foni. Amene adzaimbiridwe ndi amene anamanga, kaya ndi inu, kampani ya kuno, kapena wantchito wawo. Ubwino wake ndi woti khodi imatsala m'manja mwa ofesiyo, ndipo womanga akachoka wina wodziwa Python akhoza kupitiriza. Onjezerani kuti pali bungwe la Django Software Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 2008, ndipo limalipira anthu oyang'anira ntchitoyi. Zaka ziwiri zilizonse pamatuluka mtundu wa LTS womwe umalandira zokonza za chitetezo kwa zaka zitatu. Wa 5.2 unatuluka mu Epulo 2025. Bwana amafuna kumva masiku otere chifukwa ndi omwe amakonzera bajeti.

"Ngati khodi ili poyera, akuba saiona?" Amaiona, ndipo oteteza nawonso amaiona. Django ili ndi gulu lolandira mwachinsinsi malipoti a zibowo za chitetezo, ndipo imabwera kale ndi chitetezo ku njira zothyolera mawebusayiti zotchedwa SQL injection, XSS ndi CSRF. Koma nenani zoona kuti wolemba wosasamala akhoza kutsegula khomo lomwe framework inatseka, monga kusiya DEBUG (yothandiza poyesera khodi) yoyaka pa seva yeniyeni kapena kusaika zokonza zatsopano.

"Bwanji osangogwiritsa ntchito Laravel kapena WordPress?" Apa dzigwireni. M'holomo muli anthu amene amadyera PHP, chilankhulo chimene Laravel ndi WordPress zinalembedwamo, ndipo mukanyoza chida chawo mwataya anthu omwe akanakhala oyamba kuyesa chanu. Laravel ya Taylor Otwell, yomwe inatuluka mu 2011, ndi yabwino ndipo nayonso ndi ya open source. Ngati ofesi ikungofuna masamba a nkhani ndi zithunzi, WordPress ikwanira. Malo ambiri otsika mtengo osungirako mawebusayiti amalandira PHP mosavuta kuposa Python, ndipo zimenezo zivomereni. Kenako nenani pomwe Django imawala: admin uja mwaonetsa, ndi Python yomwe munthu angaigwiritsenso ntchito posanthula ziwerengero. Munthu amene wavomereza zofooka za chida chake ndi amene anthu amamukhulupirira pa zabwino zake.

Funso lomwe simukulidziwa, nenani kuti simukudziwa, lembani nambala ya wofunsayo, mukamuyankhe sabata yomweyo. Holo ikakhala yozizira musagwe mphwayi. React, pulogalamu ya Facebook yomwe lero ndi yotchuka, itaonetsedwa koyamba pa JSConf US mu 2013, ambiri mwa omvera anaikayikira.

Chachisanu ndi chitatu, masabata otsatira

Silaidi yomaliza ikhale ndi zinthu zitatu zokha: komwe khodi ya chionetsero ili pa GitHub (webusayiti yosungirako khodi), njira yolowera gulu la WhatsApp, ndi tsiku la maphunziro aulere a Loweruka. Tsikulo likhale lodziwika kale ndipo lisapitirire masabata awiri kuchokera pa msonkhano, chifukwa chidwi chimazilala msanga. Nthawi ya tiyi musathawire kunyanja. Imani pafupi ndi khomo ndi laputopu ndi fulashi yomwe muli Python, phukusi la Django lija, khodi ya chionetsero ndi kalozera wachidule. Wophunzira amene bandulo imamuvuta adzakopera pomwepo. Zabwino zambiri zimene ndapeza pa misonkhano zinayambira pa kapu ya tiyi, osati pa nsanja.

Walira mvula walira matope. Mukaitana anthu kuti ayese, mauthenga adzabwera usiku: pip ikukana, migrate yatulutsa zofiira, tsamba silikutseguka. Ayankheni, makamaka m'masabata awiri oyamba, chifukwa munthu amene wakakamira tsiku loyamba osapeza womuthandiza sabwereranso. Apempheni kuti azifunsa m'gulu osati kumbali, kuti yankho limodzi lithandize ambiri, ndipo wina akayamba kuyankha anzake, muyamikireni pagulu ndi kumupatsa gawo loti adzaphunzitse. Kwa mabwana amene anasiya makhadi awo, tumizani uthenga waufupi Lolemba, wokumbutsa funso limene anafunsa ndi yankho lake, ndi kudzipereka kukaonetsa kwa antchito awo.

Pa maphunziro a Loweruka simufunika kulemba buku lanu. Kalozera wa Django Girls ndi waulere ndipo analembedwera munthu amene sanalembepo khodi. Gululi linayambitsidwa ndi Ola Sitarska ndi Ola Sendecka ku Berlin mu 2014, ndipo cholinga chake chokopera atsikana ndi amayi ku ntchito yolemba khodi ndi chomwe ifenso tiyenera kuchisamala: yang'anani kuti mwa amene mwawaitana atsikana ndi angati, ndipo ngati ndi ochepa, pitani mukawaitane ndi pakamwa. Mukafuna kutcha gulu kapena msonkhano wanu dzina lokhala ndi mawu oti Django, kapena kusindikiza chizindikiro chake pa malaya, werengani kaye malamulo a Django Software Foundation, chifukwa dzinalo ndi lotetezedwa. Auzeninso anthu kuti pali abale athu a mu Africa amene ali pa ntchito yomweyi: PyCon Africa inachitika koyamba ku Accra mu 2019, ndipo DjangoCon Africa yoyamba inali ku Zanzibar mu Novembala 2023. Nkhani imene yayenda bwino ku Mangochi ikhoza kutumizidwa kumeneko itakonzedwa pang'ono.

Gulu likakhazikika, lipatseni ntchito yooneka. Django imabwera ndi zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chiswahili, ndipo ili ndi makemessages ndi compilemessages zomasulirira mawu a pulogalamu yanu. Kumasulira pulogalamu ya banki mkhonde ija m'Chichewa ndi m'Chiyao ndi ntchito yomwe ngakhale woyamba kumene angathandizepo, ndipo mukatero mudzakhala ndi chobwerera nacho kwa amayi aja anakulandirani pa gulu lawo.

Loweruka loyambalo musafune zambiri. Pezani chipinda chokhala ndi masoketi, kaya n'cha sukulu kapena holo ya mpingo, bwerani ndi zingwe zowonjezera magetsi ziwiri ndi madzi akumwa, ndipo alibe laputopu akhale awiriawiri ndi amene ali nayo. Ola loyamba lidzathera pa kuika Python, makamaka pa Windows pomwe anthu amaiwala kuchonga kabokosi koiwonjezera ku PATH, choncho yambani ndi kuzungulira pa laputopu iliyonse. Musapite ku ma model mpaka aliyense ataona tsamba loyamba la Django, la chithunzi cha roketi, likutseguka pa 127.0.0.1:8000.